Njira 720 za Tsiku la Elube

Ndinalota ndili m'chipinda cha makompyuta kusukulu komwe ndimaphunzitsa, koma pansi ponse pali madzi olekeza m'mawondo. Makompyuta anali oyaka bwinobwino. Mlongo wanga Elube, yemwe anamwalira ndi pakati mvula yapitayi, anali pa desiki yakutsogolo, timapepala sikisi tili m'manja.

"Achimwene, lembani pulogalamu," anatero. "Izi ndi zimene zinachitika tsiku lija. Muzisanje m'njira zonse, tione ngati inalipo yoti ndipulumuke."

Ndinawerenga timapepalato. Matenda ayamba. Elube waflasha. Mvula yagwa. Mlatho wamira. Achimwene aimba foni. Njinga yamoto ya kuchipatala yanyamuka. Tsikulo zinatsatana choncho kumene. Iye anangoflasha ngati masiku onse, ine n'kuti aaa, za sopo izi, ndimuimbira ndikaweruka.

Zinthu sikisi zimasanjika m'njira 720. Ine nzeru zodulira njira ndilibe, ngakhale ana asukulu amadziwa. Ndinalemba pulogalamu yaumbuli ija, yoyesa imodziimodzi mpaka zithe.

"Njira yoyamba," inatero kompyuta. "Ali moyo."

Chitseko chinatseguka. Kunjako kunali mtsinje wakwathu, ndipo Elube wina analowa atabereka khanda, n'kukhala pa desiki. Njira yachiwiri, ali moyo, analowa winanso. M'njira zina njinga inkaoloka mlatho usanamire. M'zina ndinkaimba foni iye asanaflashe n'komwe, kungomulonjera chabe. Desiki zinadzaza, ena anakhala m'mawindo, ena anaima m'madzi akugwedeza makanda. Sindinakondwe, kulira ayi. Ndinkangowawerenga ngati matumba a chimanga.

Itafika pa 719, kompyuta inaima.

"Aphunzitsi, yatsala imodzi," inatero. "Mukuidziwa."

"Isiye imeneyo."

"Pulogalamuyi mwalemba nokha. Sidumpha. Dinani batani timalize."

Ndinayang'ana Elube wa timapepala uja. M'chipinda monsemo ndi iye yekha amene analibe mwana kumbuyo.

"Tingosiyira pomwepa, iwe," ndinatero. "Taona mmene wachulukira."

"Awo si ine, achimwene. Ine ndine watsalayo. Mukapanda kudina ndikhala pano mpaka liti? Miyendo yazizira."

Ndinadina.

Azimayi aja anayamba kutuluka mwaulemu, aliyense akupinda bondo pakhomo. Elube anasanja timapepala take pa desiki, kuyambira ka matenda mpaka ka njinga, n'kutuluka pomalizira. Chitseko anatseka yekha.

Ndinadzidzimuka ndili mu ofesi ya aphunzitsi, masana dzuwa likuswa mtengo, chala chikukanikiza tebulo. A Kachingwe, mphunzitsi wa masamu, anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino, ndipo sindinaname kwenikweni, chifukwa sindinkamva kalikonse. Mwa njira zonse zija, yoti mlongo wanga afe inali imodzi yokha basi. Ine ndinaipeza popanda kompyuta.