Mchenga wa Pansi pa Manda

Lole ya Hakimu inali itatsala pang'ono kudzaza pamene gombe la mtsinje wa Lirangwe linagumuka. Silinachite phokoso lalikulu ayi. Dothi linangotsetsereka n'kukwirira fosholo imodzi, amuna okweza mchenga n'kudumphira kumbuyo akuseka.

Hanifa, mlongo wake wa Hakimu, ndiye sanaseke. Anabwera kudzafukula madzi mumchenga chifukwa chitsime cha kwawo chinali chitauma. Atayang'ana pamwamba pa gombelo, pomwe panali manda a mudzi wawo, chidebe chinamupulumuka m'manja. Pakati pa mizu panali patatulukira kansalu koyera, kothimbirira ndi dothi.

"Achimwene," anaitana. "Tabwerani kuno."

Hakimu anali pafoni ndi munthu wina womanga nyumba za lendi ku Chileka. Anangokweza dzanja kuti adikire.

"Achimwene, ndi sanda iyo!"

Hakimu anadula foni n'kuyandikira pang'onopang'ono. Ankadziwa amene anagona kumapeto kwa mandawo. Iyeyo ndi amene analowa m'dzenje kukalandira thupi la mayi awo, litakulungidwa m'nsalu yoyera ngati imeneyo. Nthawi imeneyo mtsinje unali patali, pakati pali nsungwi ndi munda wa mbatata.

"Bwana, mwina ndi thumba la feteleza chabe," anatero Goodson, dalaivala wake, atatulutsa mutu pawindo. "Tiyeni tizipita. Akufa sathamangira kulikonse, koma simenti ikauma ku Chileka uko atukwanidwe ndi ine."

"Khalani chete, a Goodson."

Dothi lina linagwa. Nsalu ija inatalikirako. Amuna aja anasiya kuseka, wina n'kuvula chipewa. Chakumadzulo kunali kutada, mphepo ikununkha mvula.

"Munati mukapeza lole imodzi mupuma," anatero Hanifa, misozi ikulengeza. "Itabwera munati mukufuna yachiwiri. Pano mukumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, Lachisanu kumzikiti simuonekanso, ine madzi ndikupalasa pansi ngati nkhuku. Zikadzakwana mudzadziwa bwanji?"

"Tauni ikukula, achemwali. Ana anu ali pasukulu chifukwa cha mchenga womwewu."

"Ikukula kuti ikafike pati? Ikamaliza mtsinjewu idzadya chiyani? Taonani, yayamba kale kudya amayi."

Hanifa anatembenukira kwa okweza mchenga aja.

"Mchenga uli m'lolemu mwaukumba pati?"

Amunawo anayang'anizana. Mmodzi analoza ndi mlomo pansi penipeni pa gombe.

"Nanga wadzulo?"

Hakimu anadziwa kuti nawonso unachokera pomwepo. Mchenga wadzulo unali utasakanizidwa kale ndi simenti, uli m'khoma la nyumba ya munthu wosamudziwa.

"A Goodson, bwezerani lole kumbuyo," anatero ndi mawu otsika. "Wonsewu ubwerere pomwe unachoka. Titsekere gombeli mvula isanafike."

"Bwana, mafuta apita ulere ndiye kuti?"

"Ndati bwezerani. Achemwali, thamangani mukaitane a shehe ndi amalume. Mukawauze kuti zachitika ndi manja anga."

Hanifa anamangitsa chitenje n'kuthamanga, chidebe n'kuchisiya pomwepo. Hakimu anakwera m'lole n'kuyamba kuponya mchenga pansi pamodzi ndi antchito ake, maso osawachotsa pansalu ija. Madontho oyamba a mvula anamugwera pakhosi.

Kenako anamva kulira kwa injini kuchokera kumsewu waukulu. Lole ina, yosakhala yake, inkatsetsereka ndi kanjira kolowera mumtsinje, ili yopanda kanthu, amuna a mafosholo ataima kumbuyo akuimba.

Hakimu anatsika m'lole yake. Anayenda mpaka pomwe kanjirako kanachepera, n'kukhala pansi pakatikati pake kuti lole inayo isadutse.