Muwawani wa M'botolo

Chaka chachinayi chino ndikudzala muwawani m'mabotolo pa labu yofufuzira zomera kuno ku Joni. Kwathu ku Ntcheu bambo anga ankangosenda khungwa lake, kuwiritsa, wodwala m'mimba n'kuchira. Kuno ndimavala magulovesi, kudula kamphukira ndi kampeni, kukaika pa phala la shuga, n'kutseka botolo. Mtengo umakula osaidziwa mphepo.

Lachisanu zinandikwana. Ndinatenga botolo limodzi lomwe a Tony, mkulu wa labu yathu, anati litayidwe, n'kupita nalo kuchipinda kwanga ku Yeoville. Kamtengoko ndinakawokera m'chitini, n'kukaika pawindo kuti kawothe dzuwa ngati mitengo inzake.

Pofika Loweruka masana kanali katafota.

Lolemba ndinawauza a Tony. Ndi Mmalawi mnzanga, sanakalipe.

"A Mervis, kokulira m'botolo sikadziwa kusunga madzi," anatero. "Timatsegula chivindikiro pang'onopang'ono, masabata angapo. Mukangokatulutsa, kamafa."

Kenako anandipatsira fomu ya pemiti yanga, imene imandilola kugwira ntchito pa labu ino yokha basi.

"Sainani apa. Zaka zina ziwiri."

Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga chivindikiro changa adzayamba liti kutsegula. Ndinangotenga cholembera.