A Waya Azimitsa Nyali

A Waya anali ataimirira pampando, tesitala yoyesera magetsi ili kukamwa, pamene mlamu wawo anagogoda n'kulowa asanayankhidwe. Ankamangirira nyali yachitatu pamwamba pa thanki ya nsomba ya akazi awo. Ziwiri zinali zikuyaka kale, ndipo pabalaza ponse panali mbee, chonsecho kunja dzuwa linali paliwombo.

"Alamu, mukufuna ndege zizitera muno?" anafunsa mlamuyo akuphimba maso ndi chikwama. Anali mng'ono wa akazi awo, ndipo anabwera kudzatenga zovala za achemwali akewo. Atayandikira thanki ija, kuseka kunathera pakhosi. "Mayo ine! Nanga nsomba zija zili kuti?"

"Zilimo," anatero a Waya atachotsa tesitala kukamwa. "Zikumadutsa."

Zinalimodi, koma kuti uzione unafunika mwayi. Madzi onse anali atasanduka obiriwira ngati a pachithaphwi, ndipo ndere zinali zitayanga pagalasi kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Dzina loti Waya analitola kuntchito, chifukwa cha kuonda kwawo komanso chifukwa unyamata wawo wonse unathera m'madenga a eni ake akukoka mawaya a magetsi. Akazi awo nawonso mumsewu monsemo ankangodziwika kuti Mayi Nsomba, ngakhale eni akewo ankakana. Ankati nsomba n'zongokometsera, chawo chenicheni ndi munda. Ndipo unalidi munda: udzu wautali kumbuyo wovina ndi madzi a pampu, timasamba tating'ono toyala pamchenga kutsogolo, tina tomangiriridwa ndi ulusi pachitsa, ndipo pakona panali chomera chofiira chimene ankachinyadira kuposa mpongozi. Ng'ala itayamba kuwaphimba maso, sanausiye mundawo. Ankaulima ndi zala, dzanja lili m'madzi mpaka m'chigongono, kufufuza tsamba lowola n'kulithothola.

Tsopano anali atachitidwa opaleshoni ya maso, ndipo ankakhala kwa mng'ono wawoyo, pafupi ndi chipatala. Tsiku lonyamuka anagwira amuna awo pamkono.

"Bambo, munda wanga musauphe. Ndi chinthu choyamba chimene ndikufuna kudzaona ndi maso atsopano."

"Osati ine?"

"Inu ndimakudziwani kale."

A Waya analonjeza, ndipo si munthu wolonjeza ndi pakamwa pokha. Vuto lawo linali limodzi. Kulikonse kumene anaitanidwako pa moyo wawo, ankapeza mdima n'kusiya kuwala, anthu n'kumawathokoza. Ndiye ataona kanyali kofooka kamene akazi awo ankayatsa pathankipo, chisoni chinawagwira. Anaganiza kuti mayi wosaonayo sankadziwa kuti zomera zake zikukhala m'chimbuuzi. Anakachotsa n'kuikapo chubu chounikira champhamvu, cha m'sitolo. Anatsegulanso katani imene akazi awo sankalola kuti itsegulidwe. Kuzimitsa ndiye sankazimitsa n'komwe, pakuti nyumba yopanda mayi inali ndi mdima wokwanira kale. Akamadya okha chakudya chinkawakanira pakhosi, ndiye ankawazirako nsomba zija kuti adyere limodzi, m'mawa, masana ndi madzulo. Madzi atayamba kubiriwira, anaona kuti kuwala sikukufikanso pansi, n'kuwonjezera nyali yachiwiri. Zitaipiraipira, yankho la wamagetsi linali lodziwikiratu.

"Alamu, chonde, musakawauze," anatero akutsika pampando. "Kwatsala masiku ochepa. Ndikonza."

"Mukonza ndi chiyani, nyali yachinayi?" Mlamuyo anapukusa mutu. "Ine pakamwa panga ndatseka. Koma akukufunani masana ano. Mukazione nokha."

Chipinda chimene Mayi Nsomba ankagonamo chinali ndi makatani okhuthala, otseka. A Waya atangolowa, dzanja lawo linapita lokha pakhoma kufufuza swichi, ndipo mlamu uja analimenya kuti phwa.

"Muno ayi! Dokotala analetsa."

A Waya anapapasa mpaka kupeza mpando. Maso atazolowera, anaona akazi awo atakhala pabedi, magalasi akuda ali kumaso, manja ali pamiyendo. Anafunsana za moyo, za mankhwala odontheza m'maso, za mpope wa kukhitchini umene unkadontha. Kenako funso lija linafika.

"Munda wanga uli bwanji?"

"Uli bwino."

Pakhomo mlamu anatsokomola chifuwa chimene analibe.

"Nyali mumazimitsa nthawi yanji?" anafunsa Mayi Nsomba.

A Waya anakanda pamutu, n'kuyang'ana kudenga kumene kunali babu lozima.

"Bambo, kukhala chete kwanu ndimakudziwa konse. Uku ndi kuja munachita mutawotcha wailesi ya achimwene anga. Nenani."

A Waya ananena zonse, za chubu, za katani, za chakudya, mpaka nyali yachitatu.

"Chofiira chija chilipo?" anafunsa akazi awo.

"Sindikutha kuchiona, mayi."

Anamva akazi awo akukoka mpweya wautali, ndipo mtima wawo unasweka, pakuti m'zaka zonse za mdima mayiyu sanapemphepo kanthu kena koma ichi chokha.

"Dokotala anandiletsa kulira, ndiye mwapulumuka," anatero Mayi Nsomba potsiriza. "Tsono mverani. Mukafika, muchotse nyali zanuzo, zonse. Mutungemo madzi ena, osati onse, muthiremo ena ogonera m'ndowa. Chinkhupule chosefera madzi cha m'pampu muchifinye m'madzi otungamowo, osati pampope. Mukatero mutenge bulangete lathu lolemera lija mufunditse thanki yonse, pasatsale ndi kampata komwe. Pampu isiyeni iziyenda. Nsomba musazipatse kanthu. Ndipo musasuzumire mpaka ine nditabwera."

"Mumdima? Mayi, zomera zimadya kuwala. Zimenezo ngakhale ana asukulu amadziwa. Ndikazifunditsa ndiye ndazimaliza."

"Ndere ndi zimene zife. Zilibe mizu, zilibe posungira chakudya, zimangodya za tsiku lomwelo. Zomera zanga zipirira."

"Nanga zikapanda kupirira?"

Mayi Nsomba anatambasula dzanja mumdimamo mpaka linapeza bondo la amuna awo.

"Ine ndakhala muno masiku onsewa makatani ali otseka. Ndafa?"

A Waya anabwerera kunyumba mutu uli pansi, nachita zonse monga anauzidwira. Kumasula nyali sikunavute, kutunga madzi sikunavute. Koma atatenga bulangete lija n'kuima nalo kutsogolo kwa thanki, manja anakana. Pa moyo wawo anaonapo zinthu zikufunditsidwa chonchi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo palibe chimene chinadzukanso. Anachita mantha, mantha enieni, ngati kuti akufunditsa mwini munda yemwe. Kansomba kamodzi kanatulukira m'zobiriwira zija, kanagunda galasi ndi mlomo, n'kubwerera.

"Pepani anzanga, alamula ndi eni ake," anatero a Waya, n'kuponya bulangete lija. Anapinda m'makona, napanikiza m'mphepete ndi mapulayala ndi hamala. Kenako anatseka katani ija.

Masiku otsatirawo anali aatali. Pabalaza panali zii, kupatula kung'ung'udza kwa pampu pansi pa bulangete. A Waya ankadya ataipatsa msana thankiyo, poopa kuti nsomba zingamve kulira kwa supuni. Tochi yawo yaing'ono, imene sinachokepo m'thumba la malaya chiyambire ntchito, inayamba kulemera. Masana ena anapezeka atagwada, tochi ili m'dzanja lamanja, ngodya ya bulangete ili kumanzere. Kungokweza pang'ono, kuwalitsa kamodzi, ndani akanadziwa? Ali chigwadire choncho anakumbukira akazi awo atakhala pabedi paja, manja ali pamiyendo, magalasi ali pamphuno pomwepo, osawakweza ngakhale kamodzi kuti ayese ngati maso ayamba kuona. Anadzuka mawondo akulira, n'kukatsekera tochi ija m'kabati ya mbale.

Manja a mmisiri sakhala chabe. Anakhuthula bokosi la zakale pakhonde, napeza kawotchi kamene kale kankayatsa ndi kuzimitsa chikwangwani cha sitolo ina. Anakapukuta, nakasintha waya, nakalumikiza ku kanyali kofooka ka akazi awo kamene anakataya pansi pa bedi. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, iyi inali yoyamba kuikonza n'cholinga choti magetsi azizima.

Mayi Nsomba anabwera m'mawa, mng'ono wawo atawagwira pamkono. Sanakhale pansi, sanafunse madzi akumwa. Anapita molunjika pathanki paja n'kuvula magalasi akuda. Maso awo anali ofiirira pang'ono, akuphethira pafupipafupi.

"Munasuzumira?"

"Ndinatsala pang'ono."

"Gwirani uko."

Anakweza bulangete lija awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo. A Waya anatsinzina. Chimene anamva choyamba ndi mlamu wawo akuwomba m'manja.

Madzi anali mbee, mpaka khoma la kuseri linkaoneka. Ndere zinali zitafa n'kugwera pansi ngati fumbi. Koma mundawo unali utavulala ndithu. Timasamba ta kutsogolo tambiri tinali titasungunuka, udzu wautali uja unali wotuwa, ndipo chofiira chija chinangotsala ndodo zokhazokha. A Waya anayamba kuwerenga maliro.

"Mayi, taonani, apa ndapha, apanso ndapha, ichi ndiye..."

Akazi awo sankamva n'komwe. Anali atawerama, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.

"Yatsani kanyali kanga."

Anayatsa. Kuwala kofewa kunatsikira m'madzi, ndipo nsomba zonse zinathamangira pamwamba, zanjala, zamoyo.

"Kodi nsombazi zili ndi mzere wabuluu m'nthitimu?" anafunsa Mayi Nsomba. "Zaka zonsezi ine ndimaziyesa zotuwa."

Anatsetsereka ndi chala pagalasi mpaka pakona, naima pa ndodo zija. Pansonga pa imodzi panali timasamba tiwiri tatsopano, tating'ono ngati njere za mpunga, tofiira kuti psuu.

"Ichi chilipo, bambo. Tidzadula apa n'kubzala, chidzadzaza pakona ponse."

Mtima wa a Waya unakhala pansi. Anakhala pampando n'kupukuta kumaso ndi chipewa. Akazi awo anatembenuka n'kuwayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Paja ndinati ndimakudziwani kale? Ndinanama. Imvi zonsezi zabwera liti?"

"Theka ndi za sabata ino," anayankha a Waya, ndipo mlamu anaseka chikhakhali mpaka kukagwira chitseko.

Tsiku lonselo linali la ntchito. Dokotala anali ataletsa Mayi Nsomba kuweramawerama ndi kugwira madzi akuda, ndiye anakhala pampando n'kumalamula, a Waya dzanja lili m'thanki mpaka m'chigongono. Anayamwa fumbi la ndere ndi kapaipi, anathothola masamba owola, nawaza chakudya chongokwana pansonga ya zala ziwiri, akazi awo akuyang'anitsitsa zalazo. Mlamu atatsanzikana, awiriwo anakhala pasofa moyang'ana munda wawo wopereweraperewerawo. Patsamba limodzi la udzu panali patamera kathovu kakang'ono, ndipo Mayi Nsomba anakatsatira ndi maso mpaka kanakwera n'kukaphulika pamwamba.

Dzuwa litapendeka, kuseri kwa thanki kunamveka kuti thapu, ndipo kanyali kanazima.

"Magetsi athima?" anafunsa Mayi Nsomba.

"Ayi, ndi kawotchi. Ndakaikira kuti kazizimitsa kokha. Ine ndekha sindingadzikhulupirire."

Ananena zoona, pakuti polankhulapo n'kuti thupi litayamba kale kunyamuka, dzanja likuloza kuswichi ya pakhoma. Akazi awo anaika chikhato pabondo pawo. A Waya anabwerera pansi pang'onopang'ono. M'chipindamo munali chimbuuzi, pampu inkang'ung'udza, ndipo m'galasimo timizere tabuluu tinkangodutsa, kupita ndi kubwera, pakati pa udzu.