Nsapato za Munthu Woumira

"Ine mungondipatsa chovala, ndikuuzani mwini wake, ntchito yake, ndi mtima wake womwe," anatero alamu anga, ataima pakati pa holo ya tchalitchi manja ali m'chiuno. "Imvi izi ndazitenga ndikutsegula mabelo a kaunjika. Diso langa silinandinamizepo."

Alamu angawa, amuna a mlongo wanga wamkulu, anthu amangowatcha a Belo. Ndi mkulu wa mpingo, wa mtundu uja woti akayamba kupempherera tiyi, mumakamwa atazizira.

Madzi atasefukira n'kukokolola nyumba zonse za kumunsi kwa mlatho, abusa anatsegula holo kuti anthu azigonamo, n'kutigawira ntchito. Amayi ena kuphika, ena kuchapa, achinyamata kutunga madzi ndi kukumba zimbudzi, ine kusenza matumba chifukwa akuti mutu ndilibe koma msana ndili nawo. A Belo sanadikire kusankhidwa. Anakoka mpando n'kukhala patebulo la zovala.

Kunena chilungamo, ntchito amaidziwa. Mayi akabwera atafunda katani yonyowa, iwo amangomuponyera diso kamodzi, n'kupisa dzanja pamulu, n'kusolola diresi lomukwana ngati anachita kumuyeza telala. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analilengeza okha titangoti ameni: "Chafika patebulo pano ndi cha Ambuye. Sichibwerera kwa mwini wake ngakhale abwere ndi misozi."

Vuto lawo ndi pakamwa. Chovala chilichonse chimayenera kulalikidwa kaye chisanaperekedwe. "Juzi iyi wapereka ndi munthu woopa Mulungu, onani wachita kuisita. Koma buluku ili, abale, mwini wake amapita nalo kokolopera, chikumbumtima changomugwira panjira."

Tsiku lina a Belo anafika m'mawa matope ali lekeza m'akakolo. Mlongo wanga, yemwe amatsogolera gulu lochapa, anali atangokolopa kumene, ndiye anawatsekereza ndi mopu pakhomo.

"Bambo, muno mukugona makanda. Matopewo akudikireni panja."

Iwo anavula nsapato zawo n'kuzisiya pakhomopo, n'kubwereka majombo a mphira kwa bambo wosamalira tchalitchi. Koma pakhomo pomwepo ndi pamene anthu obweretsa thandizo amatula katundu wawo, ndipo amayi ochapa anali ndi kachitidwe kawo: chilichonse cha matope chopezeka pamenepo chimalowa m'beseni, chimadya sopo ndi burashi, chimayanikidwa pampanda, chikauma chimapita patebulo. Samafunsa munthu. Ukanangoima nthawi yaitali pakhomopo, nawenso akanakutsuka.

M'holomo munali mlonda wina, munthu wamtali wosalankhulalankhula, yemwe anathawa madzi atabereka mwana mmodzi kumsana wina paphewa, mkazi wake atamugwira lamba. Anthu anapulumuka onse, nsapato zokha ndizo zinapita ndi mtsinje. Yunifolomu inali kuntchito, kunyumba yosungiramo katundu kumene amalondera, koma bwana wake anali atatumiza uthenga wakuti akapanda kuoneka madzulo amenewo atavala nsapato zakuda, malo ake apatsa wina.

"Bwana wanga za madzi sazidziwa," anatiuza motsitsa mawu. "Amadziwa nsapato zakuda basi. Nyumba yapita, ntchito ikapitanso, anawa ndidzawabwezera kuti?"

A Belo anadziguguda pachifuwa. "Achimwene, mwafika pa dokotala. Ikani phazi apa."

Phazi lija litatera pabenchi, tonse tinaliweramira polilemekeza. Linali ngati chitseko cha kabati. A Belo anayesa nsapato zonse za patebulo. Ina imalowa zala zokha, ina imangonunkhiza chala chachikulu n'kubwerera. Ine ndinakhuthula matumba onse amene ndinasenza, mpaka a zidole. Abusa anapereka zawo, koma abusa athu ali ndi timapazi ta mwana wa sukulu. Mkazi wa mlonda uja anangokhala pamphasa akusenda chikhadabo, maso ali pa wotchi ya pakhoma.

Dzuwa litapendeka, mayi wina anabwera ndi dengu la zouma za pampanda n'kukhuthula patebulo. Pamwamba penipeni panagwa nsapato ziwiri zikuluzikulu, zotuwa ngati phulusa chifukwa burashi inali itadya polishi yense.

A Belo anazinyamula m'mwamba kuti holo yonse ione. "Ambuye sachedwa. Koma taonani, abale, zimene anthu ena amapatsa Mulungu wawo." Anazitembenuza. "Pansi pabooka, waikapo katoni. Chidendene chadyeka mbali imodzi, ndiye kuti mwini wake amayenda mopendama, ndipo woyenda mopendama ndi moyo wake womwe umapendama. Uyu ndi munthu woumira. Ndalama ali nazo, chikopachi n'chabwino, koma kwa wosoka nsapato sapitako. Ndikumuona bwinobwino. Mimba ili kutsogolo, mkazi wake amachita kupempha ya sopo atagwada."

Ine ndayenda kumbuyo kwa alamu anga zaka zambiri nditasenza mabelo awo. Nkhope yawo ndikhoza kuiiwala, koma chidendene chimenecho ayi. Munthu kunsi kwa nsapato zake sakudziwa, amakudziwa ndi womutsatira. Nditatsegula pakamwa, mlongo wanga anandiponda phazi.

"Tseka, iwe," anandinong'oneza. "Ulaliki usanathe sadula."

"Alamu," ndinatero mokweza, "munthu ameneyu angakhale wa mpingo uno?"

"Wa muno muno. Ndipo amakhala kutsogolo. Anthu oterewa amakonda kutsogolo."

Mlonda analowetsa phazi. Linalowa lonse, mpaka chidendene, osakakamiza. Anaimirira, n'kuponda kawiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni tinaona mano ake. Mlongo wanga anadula katoni watsopano n'kuyala m'katimo, bambo wosamalira tchalitchi anabwera ndi polishi wakuda amene amapakira nsapato za abusa, ine ndinapukuta mpaka zinayamba kuonetsa denga. A Belo anasanjika manja pamutu pa mlondayo n'kumupempherera, mwachidule kamodzi kokha m'moyo wawo chifukwa nthawi inali itatha. Sanaiwale kupemphereranso mwini nsapato kuti Ambuye amumasule dzanja.

"Ameni," anatero mlongo wanga, mokweza kuposa tonse.

Mlonda anagwira a Belo chanza ndi manja awiri, anasisita mitu ya ana ake, n'kutuluka.

Sipanapite nthawi, bambo wosamalira tchalitchi anabwera kudzapempha majombo ake, akuti ngalande ya kuseri yatsekeka. A Belo anavula, n'kuyenda ndi masokosi mpaka pakhomo. Anayang'ana kumanja, kumanzere, kuseri kwa chitseko, pansi pa benchi.

"Mayi, nsapato zanga ndinazisiya apa."

"Zakuda zija? Zinalowa m'beseni m'mawa womwe uja."

"Ndiye zili pampanda?"

"Zinauma kalekale, bambo. Zinafika patebulo." Mlongo wanga anatsamira mopu wake. "Ndipo mwazilalikira bwino kwambiri. Za sopo zija ine ndinafuna kuimba m'manja."

A Belo anasuzumira kunja kwa geti. Mlonda anali atafika kale pamtunda, akukwera msewu mwachangu, nsapato zikunyezimira, thupi lonse litapendamira pang'ono kumanzere.

Abusa, amene anamva zonse ali pawindo, anatsokomola. "Akulu ampingo, lamulo lija munati chiyani? Ngakhale abwere ndi chiyani?"

Ine ndinapita patebulo n'kusankha zimene zinatsala, patapata mmodzi wobiriwira, wina wa pinki wa duwa pamwamba, n'kukaziika mwaulemu pamapazi awo.

"Alamu, musanavale, tatiuzani mwini wake."