Boyila ya pa Doko la Nyathando

1.
Alendo abwera, anatero Rozina Alfazema, akusesa mozungulira boyila.

Boyilayo, chithanki chowiritsira madzi oyendetsera injini, ndi yokhayo inatsala ya sitima yapamadzi imene inkakocheza pa Nyathando kalekale. Inagona chammbali m'mphepete mwa Shire, yadzimbiri, kutalika kwake ngati ng'ombe zitatu zondondozana. Rozina, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu, ankasesapo m'mawa uliwonse. Palibe anamulemba ntchito.

2.
Zimene ankaonetsa alendo:
masitepe asanu ndi awiri a doko, atatu ali m'madzi
khoma limodzi la nyumba ya kasitomu yolipirirako msonkho
manda a oyendetsa sitima amene anafa ndi malungo
njanji yothera m'bango
boyila

Chaka chathachi kunabwera alendo anayi. Mmodzi anali wosochera.

3.
Lachiwiri m'mawa kunafika lole ya ogula zitsulo zakale. Kutsogolo kunakhala Zuze, mchimwene wake wa Rozina.

Tauni inatha iyi, anatero Zuze potsika. Madzi atasefukira anthu tonse tinasamukira kumtunda, iwe ukulondera chiyani? Boyilayi ndawalola adule.

Achimwene, mwawalola ngati ndani?

Ngati mdzukulu wa munthu amene ankaisonkhezera moto.

Inenso ndine mdzukulu wawo, anayankha Rozina, natsamiritsa tsache pakhoma.

4.
Masiku a agogo awo, a Tchale, sitima ikangolira kumunsi kwa mtsinje amayi ankathamangira kudoko ndi malichero a nsomba zouma ndi mbatata, amuna akusenza mabelo a thonje, amwenye akutsegula masitolo, a Tchalewo ali m'mimba mwa sitima kuponya nkhuni m'boyila mpaka ubweya wa m'mikono unapserera osameranso, kenako kunabwera njanji sitima zapamadzi n'kuyamba kuchepa, kenako mlatho unakokoloka njanji n'kufa, kenako madzi, kenako madzi enanso olowa mpaka m'tchalitchi, boma n'kunena kuti samukani, anthu n'kuzula malata ndi zitseko, Rozina n'kutsala ndi mabanja asanu ndi limodzi a asodzi

5.
Wodula zitsulo anayatsa gasi. Lawi linatuluka labuluu, likufwenthera.

Rozina anamanga chitenje molimba, nagwada, nalowa m'boyila kudzera pakhomo loponyerapo nkhuni.

Mayi, tulukanimo, mupsa, anatero wodulayo.

Dulani, bambo. Ine ndili momwemuno.

Munthuyo anayang'ana Zuze. Zuze anayang'ana mtsinje. Gasi anazimitsidwa.

6.
Dzuwa.

7.
Iwe Rozina, chitsulochi chikuwotcha msana, mawondo achita dzanzi, malovu auma. Ukuona miyendo yokha ya anthu ali panja. Ukatuluka kukamwa madzi aidula. Sutuluka.

8.
Masana Zuze anagwada pakhomo la boyila, nalowetsa botolo la madzi.

Tuluka, mlongo wanga, ungafere chitsulo. Kumtunda ndakusungira malo, pafupi ndi chipatala. Alendo akowo ali kuti?

Alendo abwera, achimwene.

Wakhala ukunena zomwezo zaka khumi ndi ziwiri.

Rozina anamwa madziwo, nabweza botolo. Zikomo. Alendo abwera.

9.
Nkhani inakwera kumtunda pa njinga za kabaza: Rozina wadzitsekera m'boyila.

10.
Dzuwa litapendeka kunafika ngolo zitatu za ng'ombe, zodzaza. Munalibe mzungu kapena wonyamula kamera. Anali anthu a Nyathando omwe, amene anasamuka aja, pamodzi ndi ana awo obadwira kumtunda. Anatsika nakhala pansi mozungulira boyila. Ogula zitsulo anawerenga mitu, nakweza gasi wawo m'lole, napita.

Mayi Fulasisika, amene kale ankagulitsa mandasi padoko, anagogoda chitsulocho ndi ndodo. Tuluka, Rozina, utionetse tauni.

Rozina anatuluka chokwawa, nkhope ili psuu ndi dzimbiri. Anaimirira movutikira, nayamba monga ankayambira nthawi zonse. Boyila mukuionayi inabwera ndi sitima ya...

Boyila tikuidziwa, anadula mawu mayi Fulasisika. Ana awa sanaonepo kwawo. Udzu wamera paliponse, ife sitikuzindikiranso. Tionetse pamene panali nyumba zathu.

Rozina anayang'ana tchire lija. Ankadziwa chitsa chilichonse, maziko aliwonse. Anatsogola, akukankha udzu ndi manja.

Apa panali pa a Dzinenani atelala. Apa panali panu, mayi Fulasisika, khitchini inali uko.

Zuze ankatsatira kumbuyo kwenikweni, chipewa chili m'manja. Atadutsa mabwinja angapo anafunsa motsitsa mawu, Nanga pathu?

Tifikapo, achimwene, anatero Rozina osacheuka. Alendo onse amadikira.