Gawo la Pamsomali

Mwatitha anadzuka molawirira m'mawa wa Lachisanu Loyera, ndipo chimene chinamulanda mtendere sichinali ulaliki wa amuna ake ayi, inali mbale. Mbale yachitsulo ya maluwa ofiira, yokhala ndi chivundikiro chake, imene masana a tsikulo inkayenera kuwoloka msewu wamchenga n'kukalowa pachipata cha mnansi wawo, Aja Ngone Thiam. Ikakalandiridwa, banja la Abusa Yotamu Kalimbuka likhalabe mu mzinda wa Kaolack muno, m'dziko la eni. Ikabwezedwa, iye anali atanena kale, ndipo sankaseka: atenga mwana n'kubwerera ku Ntcheu, abusa atsale okha ndi dzuwa lawoli.

Mlanduwo anaupalamula yekha, tisamubisire. Miyezi iwiri m'mbuyomo, pa Tabasiki, tsiku limene khomo lililonse la Chisilamu limazinga nkhosa, Aja Ngone anabwera pachipata atanyamula mwendo wathunthu. Sanatume mwana ayi. Anabwera okha, mayi wamkulu woti anakafika ku Maka, wolemekezeka mzere wonsewo. Abusa anali atapita kumudzi kukaona wodwala. Mwatitha anali ndi miyezi inayi yokha m'dzikomo, ndipo m'makutu mwake munkalirabe mawu a amayi akumpingo kwawo pa tsiku lotsanzikana lija: "Kumeneko mukasamale, musakadye za nsembe!" Basi iye manja kumbuyo, n'kutulutsa chilankhulo cha kuno, Chiwolofu chake chothyokathyoka chija: "Ife sitidya."

Aja Ngone anamuyang'ana, anavundikira nyama ija ndi nsalu, n'kutembenuka. Sanatukwane, sanafunse chifukwa. Bwenzi zili bwino akanatukwana.

Kuno moni ndi ulendo wautali. Munthu amakufunsa za thupi, za tulo, za a kunyumba, za kutentha, n'kubwererezanso za thupi lomwe lija mpaka miyendo kuwawa. Chichokereni tsiku limenelo, moni wa Aja unatsala liwu limodzi, ndipo mzere wonse unatengera pomwepo. Amayi pampopi ankati Mwatitha akafika, nkhani zii. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali mwana wake, Sungeni, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene kale ankaswera kwa Aja, kudya m'mbale imodzi ndi adzukulu awo ndi kulukidwa tsitsi komweko. Palibe anamuthamangitsa, koma palibenso ankamuitana. Mwana ankangoima pachipata, chala mkamwa, kuonerera anzake akudumpha chingwe.

Abusa atamva zimene zinachitika anagwira pamutu. "Mayi a Sungeni, mwendo wathunthu? Mukanabweza nthiti bwenzi ndikukumvetsani!" Koma ataona kuti mkazi wawo akulira anasiya nthabwala. Anakhala pansi awiriwo, anafufuza m'malemba, anapemphera, ndipo sanapeze pamene Mulungu anawatuma kukachititsa manyazi mayi wokalamba pachipata. Mwatitha anapita kawiri kukapepesa. Kawiri konseko mpongozi wa Aja anamuyankha mwaulemu kuti amayi akupumula.

Amene anamuonetsa njira anali Madeleni Faye, mayi wa mtundu wa Aserere wogulitsa nsomba zouma, mmodzi mwa anthu khumi ndi anayi amene ankasonkhana mu galaja ya abusa Lamulungu lililonse. Madeleni anakulira m'banja la Chikatolika, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko.

"Amayi abusa, kupepesa kwa pakamwa kuno sikuyenda," anatero. "Iwo amatipatsa nyama pa Tabasiki, ife Akhristu timawapatsa ngalaki, phala lotsekemera la malambe, pa Pasaka. Zinayamba ine ndisanabadwe. Inu munathyola mwendo umodzi wa mpando, ndiye muukhome nokha."

Ndiye m'mawa umenewo Madeleni anafika dzuwa lisanakwiye, atasenza thumba la malambe ndi ndowa ya chiponde. Anaviika malambe m'madzi, anawafinya, anasefa pansalu. Mwatitha ankapota ufa wa mchewere m'lichero kuti ukhale timibulu ting'onoting'ono, monga Madeleni anamuphunzitsira dzana, koma timibulu take tinkatuluka tina ngati nandolo, tina ngati mchenga. Fungo la malambe litamufika m'mphuno anaima kaye. Malambe omwe aja ankamung'unya ali mwana ku Kasinje, lero akukamupepesera mlandu kutsidya kwa dziko! Anaseka yekha, misozi ili m'maso.

"Shuga ameneyo mukusungira maliro a ndani?" anafunsa Madeleni. "Thirani!"

"Ndathira kale makapu atatu."

"Atatu! Aja akalawa adzati Akhristu a ku Malawi amalira ndi m'phala momwe. Thirani, ndikuuzani ine posiyira."

Abusa anatulukira ali ndi mapepala a ulaliki m'manja, n'kuviika chala mumphika ngati mwana. Mwatitha anawamenya pa dzanja ndi chipande.

"Bambo a Sungeni, kodi simunati lero mukusala kudya mpaka madzulo?"

"Ndikuyesa ngati chili choyenera kupita kwa anansi. Imeneyinso ndi ntchito ya ubusa." Ananyambita chala, kenaka nkhope inasintha. "Zoona mukadali pa mawu aja, a ku Ntcheu?"

"Ndili pomwepo. Ine ndingapirire, koma mwana wanga sangakulire pachipata."

Abusa sanatsutse. Anati apemphere, ndipo atatuwo anagwirana manja mozungulira mbale ya maluwa ofiira ija. Koma pemphero la Abusa Kalimbuka, inu, silidziwa njira yachidule. Linayambira kwa Aja, linadzera ku Ntcheu, linakafika kwa odwala a m'midzi, ndipo linkalowera kwa atsogoleri a mayiko pamene Madeleni anakuwa, "Ameni! Abusa, Mulungu wamva. Ngalaki ndi dzuwa ili sizigwirizana, isasa."

Mwatitha anavala chitenje chake cha kumpingo, anamanga duku, n'kunyamula mbale ndi manja awiri. Msewuwo ndi wa mapazi makumi atatu okha, koma tsiku limenelo unatalika. Mchenga unkamuotcha m'mapatapata. Anapeza Aja Ngone atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, mikanda yopempherera ili m'dzanja. Anagwada, anapereka moni. Yankho linabwera lomwe lija, liwu limodzi.

"Amayi, lero ndi tsiku lathu lalikulu. Ndabweretsa kangalaki."

Mawu ena onse amene Madeleni anamuphunzitsa, iye n'kuwaloweza usiku wathunthu, anathawa. Aja sanatambasule dzanja, sanavundukule. Anangoloza ndi chibwano pambali pa mkeka. Mwatitha anaika mbale pamenepo, anadikira pang'ono, ndipo poona kuti mikanda yayambanso kuyenda m'zala, anadzuka n'kubwerera.

"Alandira?" anafunsa abusa pachipata.

"Sanalandire, sanakane."

Mapemphero a masana anachitika mu galaja monga mwa nthawi zonse, zitseko zili zotsegula chifukwa cha kutentha. Abusa analalikira za mtanda m'Chifalansa, Madeleni n'kumamasulira m'Chiwolofu, uku akuwonjezera zake. Mwatitha sanamvepo kanthu, Mulungu amukhululukire. Maso ake anali kumsewu. Anaona amuna akubwera kuchokera ku mzikiti ndi mikeka yawo kukhwapa, anaona mbuzi, anaona ngolo ya bulu yonyamula mchere. Mbale sanaione. M'mutu mwake anali atayamba kale kulongedza: madiresi a Sungeni m'chikwama chobiriwira, mabuku awasiye.

Anthu atabalalika, dzuwa litapendeka, iye anakhala pakhonde n'kumachotsa timiyala mu mpunga. Ndi pamene chipata cha kutsidya chinatseguka. Aja Ngone anatuluka atavala mkanjo wawo waukulu wa buluu, akuyenda pang'onopang'ono, mbale ya maluwa ofiira ili m'manja. Inali yovundikira. Ndipo mmene anainyamulira, ndi manja awiri, pafupi ndi mimba, wina aliyense akanaona kuti si yopanda kanthu.

Mwatitha anaika mpunga uja pansi. "Bambo a Sungeni," anaitana motsitsa mawu, "abweza."

Abusa anatuluka, ndipo Sungeni anabisala kumbuyo kwawo. Aja analowa osaodira, anakhala pampando wa abusa weniweniwo, mbale pamiyendo. Anapuma kaye. Kenaka anayang'ana Mwatitha.

"Mwana wanga, uli bwanji?"

"Ndili bwino, amayi."

"Thupi lili bwanji?"

"Lili mumtendere."

"Nanga kutentha? Nanga bambo wa nyumba ino? Nanga kamwanaka? A kwanu kutali kuja, ukumva uthenga wawo? Amayi ako ali moyo? Thupi, ndati thupi lili bwanji?"

Mwatitha ankayankha limodzi ndi limodzi. Moni unali wautali ngati kale, mwinanso kuposa, koma mbale inali pomwepo, yotseka, ndipo iye sankadziwa kuti akhulupirire makutu kapena maso.

"Ngalaki ija," anatero Aja pomaliza, "anakuphunzitsa ndani?"

"Mayi Madeleni."

"Ndinadziwa! Mserere uja amathira shuga ngati akukwirira munthu. Ndipo timibulu tako, mwana wanga, tina tinali ngati miyala ya legeni. Chaka chamawa udzabwere ndidzakuonetse kapotedwe kake."

"Ndiye kuti... munalawa, amayi?"

"Kulawa? Adzukulu anga anachita kulimbirana chivundikiro. Ine ndinadya kawiri, dokotala asamve."

Apo abusa anamwetulira. Koma Mwatitha maso anali pambale. Aja anaikankhira kwa iye.

"Vundukula."

Anavundukula. M'katimo munali nyama youma, yodulidwa mizeremizere, yakuda bii, mchere uli mbuu pamwamba.

"Ndi mwendo uja," anatero Aja. "Nkhosa ya Tabasiki timaigawa patatu: gawo la pakhomo, gawo la osauka, gawo la anansi. Limeneli linali lanu kuyambira pamene mpeni unadutsa. Iwe unakana, chabwino, koma ine ndikanadya bwanji chinthu cha mnansi? Kupatsa wina, ndikanapatsa bwanji chinthu cha eni ake? Ndinaidula, ndinaithira mchere, ndinaiyanika padenga, n'kuipachika pamsomali kuchipinda kwanga. Miyezi iwiri ndakhala ndikumenyana ndi mphaka chifukwa cha nyama yako, iwe!"

Mwatitha anagwira pakamwa. "Amayi, ndinabwera kawiri kudzapepesa."

"Ndinakumva, ndinali m'nyumba. Unabwera ndi mawu. Ine ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi mwana ameneyu amanyansidwa ndi manja anga? Chifukwa munthu wonyansidwa nawe sakuphikira. Lero wandiphikira." Anakonza mpango wawo paphewa. "Za chipembedzo chako sindikufunsa. Iwe pemphera kwako, ine kwanga. Koma ngati Mulungu wako akukuletsadi nyama imeneyi, undiuze bwinobwino ngati munthu, ndibwerere nayo pamsomali."

Mwatitha anayang'ana amuna ake, koma abusa, mwaulemu wawo, anayang'ana kudenga: funsolo silinali lawo. Iye anaganiza za amayi a kumpingo aja, anthu abwino, amene sanaonepo Aja Ngone ndi maso. Anatseka maso, anayamika Mulungu chamumtima monga amachitira pa chakudya chilichonse, anatola kachidutswa n'kuponya mkamwa.

Mayo ine, kuuma kwake! Inali ngati lamba wa abusa, ndipo mchere wake unamufika mpaka m'makutu. Anatafuna, nyama osagonja. Misozi inayamba kutsika, ina ya mchere, ina ya mtima umene unamasuka mwadzidzidzi patatha miyezi iwiri. Ankafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri zinkakanika chifukwa mkamwa munali modzaza.

Aja Ngone anaomba m'manja, kuseka mpaka kutsokomola. "Abusa, mkazi wanuyu! Imeneyo imayamba yaviikidwa m'madzi, kenaka n'kuphika!"

"Musiyeni, amayi," anatero abusa, nawonso akupukuta m'maso. "Akulipira mlandu." Kenaka anawerama n'kunong'oneza m'Chichewa, "Nanga chikwama chobiriwira chija ndikutsitsireni?"

Mwatitha anawaponda phazi.

Aja anadzuka movutikira, atagwira bondo. Ndi pamene anaona Sungeni akusuzumira kumbuyo kwa bambo ake, tsitsi lili nyankhalala, loluka mayi ake mwa kuyesetsa kwawo.

"Kodi mwana ameneyu mwamuchita chiyani kumutu? Iwe Sungeni, nsapato zili kuti? Tiye, dzuwa likadalipo, azakhali ako akakukonze. Anzako akusungira ngalaki ya amayi ako, yamiyala ija."

Mwana sanayang'ane n'kumbuyo komwe. Nsapato anazisiya pomwepo, anagwira nsonga ya mkanjo wa buluu uja, ndipo awiriwo anawoloka msewu, wamkulu akutsimphina, wamng'ono akudumphadumpha. Mwatitha anaima pachipata, pamalo pomwe mwana wake ankaima masiku onsewa, mbale ili m'manja. Anawaonerera mpaka analowa, ndipo chipata cha kutsidyako anachisiya chotsegula. Iye anali akutafunabe.