Mafuta Odzola a Suzete

Mwezi wa Juni kuzizira kwa ku Lichinga kumang'amba khungu. Suzete wa ku Sanjala, poona milomo ndi zidendene za anthu zili ming'alu yokhayokha, anayamba kupanga mafuta odzola oti azigulitsa. Ankasakaniza mafuta a mpendadzuwa ndi madzi owiritsa, koma kukacha ankapeza mafuta ayandama pamwamba, madzi ali pansi.

Mnansi wake Brígida anasuzumira m'botolo. "Mana, mchemwali wanga, thiranimo sopo wa ufa wochapira. Zigwirana basi."

Suzete atathiramo sopoyo, zinagwiranadi. Oyamba kudzola anali amayi ake a Suzete, amene manja awo anali atang'ambika ndi kukumba mbatatesi. M'mawa mwake manjawo anafiira ndi kutupa, ming'alu ikuwotcha moti khasu silikanagwirika.

Suzete anawakweza panjinga yamoto kupita nawo kuchipatala, botolo lili m'manja. Namwino, Dona Lídia, anatsuka manja a mayiwo, kenako anafunsa zomwe zinali m'botolomo, Suzete n'kufotokoza zonse.

"Madzi ndi mafuta amafunadi chowagwirizanitsa," anatero namwinoyo. "Koma sopoyu ndi wa zovala, ndipo ngakhale pa zovalapo timamutsukuluza. Akakhala pakhungu amawotcha. Opanga mafuta odzola amagwiritsa ntchito emulsifikante, phula loyera lokonzedwera khungu, ndipo amatsata mlingo wolembedwa papaketi. Poti muli madzi, pamafunikanso mankhwala oletsa nkhungu ndi tizilombo. Mukapanga, muziyamba mwayesa pang'ono pamkono."

Potuluka, amayi ake anati, "Mwanawe, ingozisiya izi. Tiye kumunda."

"Ayi amayi, chomwe ndisiye ndi sopoyo. Ntchitoyi ndiiphunzira mpaka ndiidziwe."

Atafika kunyumba anataya mabotolo onse omwe anali atadzaza kale. Anaitanitsa phula ndi mankhwala aja kwa wamalonda wina wopita ku Nampula. Poyamba mafutawo analimba ngati kandulo, kenako anachita madzimadzi. Sanagwe ulesi. Ankayesa pamkono pake pokha, mpaka anapeza osalala, osalekana, osayabwa.

Tsiku lomwe anayala mabotolo ake pamsika, mayi wina anatapa mafuta kuti apake kumaso. Suzete anamugwira dzanja.

"Pepani titiya, yambani pamkono. Khungu limasiyana. Mawa mukapanda kumva kuyabwa mudzandipeza pompano."

Phunziro: Chilichonse chothira m'mafuta odzola chikhale chopangidwira khungu, pa mlingo woyenera. Musanayese nzeru ya mnzanu pathupi la munthu, funsani odziwa.